Sylvia Acevedo: mwana wa ziyankhulo ziwiri amene anatengera sayansi kwa atsikana

Ku United States kuli bungwe la atsikana lochedwa Girl Scouts of the USA, limene Juliette Gordon Low analiyambitsa mu 1912 mumzinda wa Savannah. Bungweli si la boma ndipo silifuna phindu. Anthu ambiri kumeneko amalidziwa cifukwa ca mabisiketi amene atsikana ake amagulitsa caka ndi caka, komanso maulendo okagona kuchire. Kuyambira 2016 mpaka 2020 linatsogoleredwa ndi Mayi Sylvia Acevedo, injiniya amene anagwirapo nchito ku NASA, ndipo pa zaka zinayi zimenezo atsikana a m'bungweli anayamba kuphunzira za maroboti, za kulemba mapulogalamu a kompyuta, za nyenyezi ndi za citetezo ca pa intaneti. Mbiri ya mayiwa ili ndi cina cokhudza mphunzitsi wa ziyankhulo ziwiri: anakulira m'nyumba yolankhula Cisipanishi, n'kukaphunzira m'sukulu ya Cingerezi, ndipo asanafike pa udindo waukuluwo anatha zaka zambiri akulimbana ndi funso lakuti kholo losadziwa ciyankhulo ca sukulu lingathandize bwanji mwana wake.

Ubwana wa ku Las Cruces

Sylvia anabadwira ku South Dakota koma anakulira ku Las Cruces, m'cigawo ca New Mexico, pafupi ndi malire a dziko la Mexico. Bambo ake anali katswiri wa kemisitiri. Mayi ake anacokera ku Mexico ndipo Cingerezi ankacidziwa pang'ono. Banjalo linkakhala m'dera la anthu osauka, la misewu yafumbi. Mng'ono wake atadwala matenda oumitsa khosi ali wakhanda, n'kutsala ndi ulumali, mayi awo anaumirira kuti banjalo lisamukire kudera lina. Kumeneko Sylvia anapezeka pakati pa ana olankhula Cingerezi cokhacokha, wopanda mnzake. Mtsikana wina wa m'kalasi ndiye anamuitanira ku gulu la Girl Scouts, ali ndi zaka pafupifupi 7.

Kuti zotsatirazi zimveke, m'pofunika kudziwa mmene bungweli limagwirira nchito. Atsikana amakhala m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo gulu lililonse limayang'aniridwa ndi munthu wamkulu wongodzipereka, kawirikawiri mayi wa mmodzi wa anawo. Si mphunzitsi ndipo salipidwa. Mtsikana akamaliza nchito zingapo pa mutu umodzi, monga kuphika, kusoka kapena kuthandiza wovulala, amalandira baji, kansalu kozungulira kamene amakasokerera pa covala cake. Palibe mayeso, palibe kulephera kalasi. Baji imangonena kuti mwana uyu wacita cinthuci ndi manja ake.

M'buku la moyo wawo la 2018, lochedwa Path to the Stars, limene linatulukanso m'Cisipanishi, ndiponso m'zoyankhula zawo zambiri, Mayi Acevedo amabwerera ku zocitika ziwiri. Coyamba: ali pa ulendo wa kuchire, mtsogoleri wa gulu anamuona akuyang'anitsitsa kumwamba usiku. Anakhala naye pansi n'kumuonetsa kuti nyenyezi zili m'magulu okhala ndi mayina, ndi kuti zina mwa zowalazo si nyenyezi koma mapulaneti. Itafika nthawi yosankha baji, Sylvia anafuna ya kuphika monga anzake onse. Mtsogoleriyo anakumbukira za usiku uja ndipo anamulimbikitsa kuti atengenso ya sayansi. Pa baji imeneyo anapanga karoketi kakang'ono. Kanakana kuuluka kangapo, iye n'kumabwereza, mpaka kanauluka.

Caciwiri ndi ca mabisiketi. Kwawo kunalibe ndalama zolipirira zocita za gulu, ndiye mtsogoleri anamuphunzitsa kuwerengera: ndalama zofunika ndi zingati, mabokosi oti agulitse ndi angati, pa sabata angati. Anamupatsanso lamulo lakuti asacoke pa munthu asanamve kuti ayi katatu. Lamuloli analigwiritsa nchito patapita zaka, pamene mlangizi wa pa sukulu ya sekondale anamuuza kuti atsikana a mtundu wake sapita ku yunivesite. Iye sanabwerere. Analowa mu ofesimo n'kunena kuti akufuna kukhala injiniya, ndipo mlangiziyo anamuseka.

Mu nkhani zonse ziwirizi mulibe labotale, mulibe cipangizo codula. Muli munthu wamkulu mmodzi amene anaona cimene mwana akuyang'ana n'kucisunga mumtima kwa miyezi ingapo. Nkhani za anthu ochuka zimakonda kukongoletsedwa zikamakambidwa kawirikawiri, ndipo n'zosakayikitsa kuti zinthu zina zinathandizanso: bambo wophunzira amene ankapita ndi ana ake ku laibulale, ndi mayi amene anapeza munthu woti aphunzitse anawo Cingerezi asanayambe sukulu. Komabe gawo la mtsogoleri uja ndi limene mphunzitsi aliyense angalizindikire, pakuti limacitika kapena kulephereka m'kalasi tsiku lililonse.

Anamaliza maphunziro a uinjiniya ku New Mexico State University mu 1979, n'kuyamba nchito ku Jet Propulsion Laboratory, malo a NASA a ku California. Caka comweco combo ca Voyager 2, cimene cinanyamuka padziko mu 1977, cinadutsa pafupi ndi pulaneti ya Jupiter, ndipo iwo anali m'gulu la osanthula zimene comboco cinkatumiza. Kenako anakatenga digiri yaciwiri ku Stanford University, ali mmodzi wa anthu oyambirira a mtundu wa Cisipanishi kutero pa uinjiniya, ndipo anagwira nchito m'makampani a makompyuta monga IBM, Apple ndi Dell.

Makolo amene sukulu siyankhula nawo

Gawo la moyo wawo limene silichulidwa kawirikawiri ndi la ku Austin, m'cigawo ca Texas. Kumeneko ana ambiri a m'sukulu za boma ankacokera m'mabanja olankhula Cisipanishi, ndipo ambiri ankasiyira sukulu panjira. Aphunzitsi ankadandaula kuti makolo sabwera kumisonkhano. Mayi Acevedo anaona vutoli mwa njira ina. Makolowo sanali osasamala. Sankadziwa mmene sukulu ya ku America imayendera, makalata ankabwera m'Cingerezi, ndipo ambiri anakulira kumene kufunsa mphunzitsi mafunso kumaonedwa ngati mwano.

Mu 2007 anayambitsa cionetsero cochedwa Feria Para Aprender. Wodziwa Cipwitikizi dzinali alimva mosavuta. Linali tsiku limodzi, pamalo amodzi aakulu, ndipo zonse zinkacitika m'Cisipanishi. Malowo ankakonzedwa ngati njira: kholo ndi mwana ankayambira pa sukulu ya mkaka, n'kudutsa pulayimale, sekondale, mpaka yunivesite ndi nchito zosiyanasiyana, ndipo pa sitepe iliyonse ankapeza munthu wowafotokozera m'ciyankhulo cawo zimene zimafunika kuti mwana apite patsogolo. Ana ankabwerako ndi mabuku. Cionetseroci cinafalikira ku mizinda ina.

Nzeru yake inali yakuti kholo likaona ndi maso ake kumene njira ikuthera, limaleka kuona sukulu ngati malo ongosungirako mwana mpaka atakula. Izi zimakhudza kwambiri atsikana, cifukwa m'mabanja ambiri, ku Texas ngakhalenso kwina, pakhomo pakavuta mtsikana ndiye amayamba kucotsedwa pa sukulu. Carol Benson, amene anaunika PEBIMO, kuyesa kwa maphunziro a ziyankhulo ziwiri kumene kunacitika ku Tete m'Cinyanja ndi ku Gaza m'Cichangana kuyambira 1993 mpaka 1997, analemba pambuyo pake mfundo yofanana nayo: sukulu ikamayankhula ciyankhulo ca pakhomo, makolo amatha kufika kwa mphunzitsi n'kukambirana naye, ndipo atsikana, amene kawirikawiri amakhala ndi mpata wocepa womva ciyankhulo ca boma kunja kwa nyumba, amapindula kwambiri.

Mu 2011 Pulezidenti Barack Obama anasankha Mayi Acevedo kukhala m'komiti yolangiza za maphunziro a ana a mabanja a Cisipanishi, ndipo anatsogolera gawo loona za ana aang'ono. Mu 2016 maunduna awiri a boma la United States, wa zamaphunziro ndi wa zaumoyo, anatulutsa cikalata colimbikitsa sukulu za mkaka kuti zizikulitsa ciyankhulo ca pakhomo pamodzi ndi Cingerezi. M'dziko limene zigawo zina, monga California mu 1998, zinaletsapo pafupifupi maphunziro onse a ziyankhulo ziwiri, ici sicinali cinthu cacing'ono.

Zaka zinayi pa Girl Scouts

Mayi Acevedo anakhala m'bodi ya Girl Scouts kuyambira 2009. Mu 2016 anapatsidwa udindo wa mkulu wa bungwe mogwirizira, ndipo mu 2017 anakhazikitsidwa. Anapeza bungwe limene mamembala ake ankacepa caka ndi caka. Anapezanso dziko limene nchito za makompyuta zinkaculuka pamene akazi ankacepa m'maphunziro ake: mu 1984 akazi anali 37 pa 100 alionse olandira digiri yoyamba ya sayansi ya makompyuta ku United States, koma pofika ca m'ma 2010 anatsika kufika pa 18. Ena anali atayamba kale kulimbana ndi zimenezi. Kimberly Bryant anayambitsa Black Girls Code mu 2011, ndipo Reshma Saujani anayambitsa Girls Who Code mu 2012 ndi atsikana 20 ku New York. Amenewa anamanga mabungwe atsopano. Mayi Acevedo anali ndi cinthu cina m'manja: bungwe lakale lokhala ndi atsikana oposa miliyoni imodzi ndi theka, lofika m'mizinda ndi m'midzi momwe, limene makolo ankalikhulupirira kale.

Sanamange sukulu kapena malabotale. Anagwiritsa nchito baji yomwe ija. Mu 2017 bungweli linatulutsa mabaji atsopano 23, mu 2018 linatulutsa 30, mu 2019 linatulutsa 42, ndipo mu 2020 linatulutsa 24. Si onse anali a sayansi, ena anali a zocita za kuchire, a malonda ndi a unzika, koma ambiri anali a zimene kumeneko amazichula mwacidule kuti STEM, kutanthauza sayansi, luso la zipangizo zamakono, uinjiniya ndi masamu. Mabaji a zakuthambo anakonzedwa ndi thandizo la NASA ndi SETI Institute. A citetezo ca pa intaneti, amene analengezedwa mu 2017, anakonzedwa ndi kampani ya Palo Alto Networks, ndipo anayambira pa ana a zaka 5. Caka comweco bungweli linalonjeza kusonkhanitsa madola 70 miliyoni kuti lifikire atsikana 2.5 miliyoni ndi maphunziro amenewa pofika 2025.

Funso lenileni linali lakuti adzaphunzitsa ndani. Mtsogoleri wa gulu ndi mayi wamba, mwina amene iyenso anathawa masamu ali pa sukulu. Kumupatsa buku la mawu a akatswiri n'kumuuza kuti aphunzitse za netiweki kukanangomuopseza, ndipo mantha a munthu wamkulu amalowa mwa mwana mwamsanga. Cotero nchito za baji iliyonse zinalembedwa sitepe ndi sitepe, ndipo zambiri za ana aang'ono sizinkafuna kompyuta n'komwe.

Citsanzo cimene Mayi Acevedo ankakonda kupereka ndi ca ulusi. Atsikana a zaka 7 kapena 8 amakhala pansi mozungulira n'kumaceza. Aliyense akayankhula ndi mnzake amamuponyera mpukutu wa ulusi, iye atagwira nsonga yake. Pakapita mphindi zocepa pakati pawo pamakhala ukonde wa ulusi. Imeneyo ndiyo netiweki, ndipo anawo aipanga okha asanamve dzina lake. Kenako mtsogoleri amanena kuti mmodzi wa iwo ali ndi vayirasi, ndipo anawo amatsatira ulusi kuti aone amene yawafikira. Amadabwa kuona kuti yafika ngakhale kwa mtsikana amene sanayankhulepo ndi wodwalayo, cifukwa yadzera mwa wina. Apa m'pamene funso la citetezo limabadwira, ndipo limacokera kwa anawo.

Dongosolo la phunziroli ndi loyenera kuliyang'anitsitsa. Cinthu cimayamba kucitika m'manja, ana amacikambirana m'mawu awo a tsiku ndi tsiku, ndipo dzina la akatswiri limabwera pomalizira, ngati cizindikiro comata pa cinthu cimene cadziwika kale. Kalasi yambiri ya sayansi imayenda mobwerera: dzina pa bolodi, tanthauzo lake, ana kukopera, ndipo cinthu ceniceni sicioneka. Kumene dzinalo ndi tanthauzolo zili m'ciyankhulo caciwiri, mwana amasenza mitolo iwiri nthawi imodzi, ndipo amene amayamba kukhala cete ndi uja amene anauzidwa kale kuti phunziroli si lake.

Njira yomweyo imagwira pa mitu ina. Aligorizimu ndi mndandanda wa masitepe amene akatsatidwa mwa dongosolo lake amabala cinthu comweco nthawi zonse. Mayi Acevedo ankanena kuti baji ya kuphika ndi ya sayansi zinawaphunzitsa cinthu cimodzi, cifukwa monse muwiri muli zosakaniza, muyeso, kutentha ndi dongosolo. Mtsikana amene amadziwa kuti madzi ayambe afunda, phala liwire, kenako ufa uthiridwe pang'onopang'ono akuvundula, ali nayo kale aligorizimu ya nsima, ndipo amadziwa cimene cimacitika sitepe imodzi ikadumphidwa. Akauzidwa kuti alembe masitepewo kuti mnzake awatsatire ndendende, osawonjezapo nzeru zake, amapeza msanga pamene anasiya mpata, ndipo kukonza mpata umenewo ndi nchito yeniyeni ya wolemba mapulogalamu. Manambala a kompyuta, amene amalembedwa ndi 0 ndi 1 basi, amatheka ndi nyemba ndi cimanga: malo oyamba kudzanja lamanja ndi 1, otsatira 2, otsatira 4, otsatira 8, ndipo nyemba ikaimira 1, cimanga 0, ndiye kuti nyemba, cimanga, nyemba ndi 4 kuwonjeza 1, kutanthauza 5. Za citetezo nazonso sizili kutali ndi mudzi. Mwana amene amatumidwa kukatapa ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, kapena amene amawerengera agogo ake uthenga wa pa foni wonena kuti tumizani ndalama pa nambala iyi, akufunika kudziwa cifukwa cake nambala yacinsinsi siuzidwa munthu.

Zimene mabaji sanathe

Ciwerengero ca mabaji cimasangalatsa opereka ndalama, koma sicinena zambiri. Baji imaonetsa kuti mtsikana anacita nchito zingapo kwa masabata angapo. Sionetsa ngati adzasankhe fizikisi ku sekondale, kapena ngati adzapirire m'kalasi ya uinjiniya momwe akazi ndi owerengeka. Kwa Mayi Acevedo eni ake, pakati pa karoketi kaja ndi Voyager 2 panadutsa zaka zoposa khumi za masamu, ndipo masamuwo anaphunzitsidwa ndi aphunzitsi a sukulu za boma za ku Las Cruces, osati ndi gulu la Loweruka. Bungwe lotere limayatsa cidwi, koma nkhuni zake zili m'kalasi.

Ndalama nazo zinali ndi mafunso ake. Zambiri zinacokera ku makampani amene akufuna anchito a m'tsogolo. Raytheon, imene inalipira maphunziro a kulemba mapulogalamu ndi mpikisano wa citetezo ca pa intaneti wa 2019, ndi kampani yopanga zida za nkhondo. General Motors inathandiza pa mabaji a uinjiniya wa magalimoto a 2020. Palibe coipa kuti mtsikana aphunzire za injini, koma wolipira amakhala ndi mawu pa zimene ziphunzitsidwe, ndipo mitu yopanda kampani kumbuyo kwake imatha kutsalira.

Kucepa kwa mamembala sikunathe. Mu 2017 bungwe la anyamata la Boy Scouts of America linalengeza kuti liyamba kulandira atsikana, ndipo mu 2018 Girl Scouts inalisumira kukhoti pa nkhani ya dzina, mlandu umene woweruza anaukana mu 2022. Pa mkanganowo Mayi Acevedo anaima pa mfundo yakuti atsikana amafunika malo awoawo, kumene mtsikana ndiye amagwira cipangizo, ndiye amalakwitsa, ndiye amatsogolera. Ofufuza sagwirizana ngati kulekanitsa anyamata ndi atsikana kumakweza zotsatira za maphunziro. Koma cimene mayiwa ankaloza cimaoneka m'kalasi iliyonse yosakaniza: pa nchito ya m'magulu, mnyamata amathamangira batire ndi waya, mtsikana n'kupatsidwa colembera kuti alembe zimene zapezeka. Sukulu ya boma singathe kucotsa anyamata, ndipo sifunika kutero. Mphunzitsi angathe kugawa maudindo iye mwini n'kumawasinthasintha, kapena nthawi zina kupanga magulu a atsikana okhaokha m'kalasi momwemo.

Pali kusiyana kwina kumene sikuyenera kubisika. Sylvia analowa kalasi yoyamba akudziwa kale Cingerezi cokwanira, kwawo kunali bambo wa digiri, ndipo mzinda wake unali ndi laibulale ndi yunivesite. Mtsikana wa ku Angónia kapena ku Lago amakumana ndi Cipwitikizi kwambiri pa sukulu pokha, ndipo maphunziro a sayansi amayamba kulemera pa nthawi yomwe ciyankhulo cophunzitsira cikusintha. Mawu ambiri a sayansi m'Cinyanja sanakhazikike, ndipo mphunzitsi amadzipezera yekha cocita pakati pa kubwereka mawu a Cipwitikizi ndi kufotokoza m'mawu a kumudzi. Masewera a ulusi aja sathetsa vuto limeneli, koma amasintha nthawi imene limafika. Ana akaona ukondewo n'kuukambirana m'Cinyanja, liwu lakuti rede limapeza pokhala, ndipo msodzi aliyense wa ku nyanja ya Niassa amalidziwa kale liwulo ndi cinthu cake comwe.

Mayi Acevedo anatula pansi udindo mu Ogasiti 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, pamene magulu ambiri anali atasiya kukumana. Anawalowa m'malo mogwirizira ndi Judith Batty, munthu wakuda woyamba kukhala pa udindo wa mkulu wa bungweli. Caka comweco Mayi Acevedo analowa m'bodi ya Qualcomm, kampani yopanga tizipangizo ta m'kati mwa mafoni a m'manja.